Sitima ya malasha ya ku Fort William: tigule matikiti kapena tisiye?

Mayi a Tadala: Abale, ndithandizeni nzeru. Apongozi anga aamuna akubwera kuchokera ku Zomba mu Julayi, ndiye ana akukakamira kuti tikakwere nawo Jacobite, sitima ya malasha ya ku Scotland yochoka ku Fort William kupita ku Mallaig. Tikiti ya wamkulu ikupitirira £60, ndipo tilipo asanu. Ndilipire?

Kondwani wa ku Glasgow: Musatero mlamu. Panjanji yomweyo pamadutsa sitima wamba ya ScotRail, mtengo wake sufika n'theka lomwe. Mapiri ndi omwewo, mlatho wa Glenfinnan ndi womwewo. Zotsalazo mukulipira utsi basi.

Nabanda: Utsiwo ndiye nkhani yake, achimwene! Injini zimene zimakoka sitimayi si zoseweretsa ayi. Zina ndi za mtundu wa Black Five, womwe unayamba kupangidwa mu 1934, ndipo mpaka lero pamakhala munthu woponya malasha pamoto ndi fosholo. Ikamakwera chitunda chopita ku Glenfinnan mumaimva ikupuma movutikira, mabogi onse kuchita kunjenjemera. Ya dizilo imangodutsa duu.

Kondwani wa ku Glasgow: Chabwino, koma anawo akufuna chiyani kwenikweni? Ngati ndi chithunzi chija anachiona m'mafilimu a Harry Potter, sitima ili pamlatho utsi uli tolotolo, ameneyo sachiona ali m'kati. Mumaona mutu wa mnzanu amene wakutsekerani pawindo. Chithunzicho chimajambulidwa paphiri, ndipo kukwera paphiripo n'kwaulere, mungolipira poimika galimoto.

Bambo Phiri: Apa a Kondwani anena zoona pang'ono. Komabe mlathowo ndi wokhota, ndiye amene ali m'mabogi a kumbuyo amaiona injini ikupinda kutsogolo. Uli ndi zipata 21, wonse ndi wa konkire, anamanga a Robert McAlpine, njanji n'kutsegulidwa mu 1901. Popita mudzafune mipando ya kumanzere.

Funso langa ndi la madalawo. Ali ndi zaka zingati? Ngati anakwerako sitima za malasha kwathu, Limbe mpaka Salima, iwalani za ana, ulendowu ndi wawo. Fungo la malasha lokhalo adzakusimbirani nkhani zimene simunazimvepo.

Mayi a Tadala: Apitirira 75, ndipo amaikamba sitima ya ku Limbe. Koma mawondo ndi ovuta, paphiri paja sangakwere.

Nabanda: Basitu, nkhani yatha.

Chifundo: Sinathe aunt. Dziwani kuti kukauma kwambiri amaopa kuti ziphaliphali za moto ziyatsa tchire, ndiye amatha kuika injini ya dizilo. Werengani malamulo a tikiti musanalipire, muone zimene amanena zikatero. Chinanso, ulendo ndi wa maola pafupifupi awiri kupita, awirinso kubwerera, ndipo Mallaig ndi kadoko kakang'ono ka asodzi. Sitima ikatsitsa anthu onse aja, malo odyera amadzaza nthawi yomweyo. Tengani kamba.

Kondwani wa ku Glasgow: Mwamva? £300 kuti mukadye mpunga wa m'kontena ku Mallaig 😂

Bambo Phiri: Inu a Kondwani, pa ukwati uja munagula suti ya ndalama zingati yovala tsiku limodzi?

Kondwani wa ku Glasgow: Imeneyo tisaiyambe bambo.

Chifundo: Bwanji mugawane? Agogo ndi mwana wamkulu akwere ya malasha ndi inu aunt. Ankolo atenge wamng'onoyo pagalimoto, akadikire paphiri la Glenfinnan n'kukujambulani mukudutsa, kenako mukakumane ku Mallaig. Msewu ulipo, A830. Matikiti atatu okha.

Mayi a Tadala: Wamng'onoyo ndi amene anayambitsa zonsezi, ndikamusiya sindigona. Mwina wotsala akhale wamkuluyo, Tadala, iye amangofuna zithunzi za pa Instagram.

Nabanda: Mulimonsemo gulani sabata ino. Imayenda kuyambira Epulo mpaka Okutobala basi, ndipo a Julayi amatha msanga.

Mayi a Tadala: Ndikambirana ndi bambo a kunyumba madzulo ano. A Kondwani, galimoto yanu ija ya mipando 7 ili bwino?