Tikugulitsa tchalitchi chakale koma lizi ili m'dzina la malemu

Mlembi wa mpingo, Chinamwali: Abusa ndi alembi anzanga, ndigawireni nzeru. Tchalitchi chathu chakale chinatichepera, tamanga china chomwe changotsala denga. Abale a mpingo wina, omwe amapempherera m'kalasi pasukulu, akufuna kugula chakalecho, ndipo ndalama zakezo ndi zomwe tikudalira pa malata mvula isanagwe. Dzulo potsegula bokosi la mapepala ndapeza kuti lizi ya malowo ili m'dzina la mkulu wa mpingo amene anatisiya zaka zisanu zapitazo. Ndiwo ankayenda m'maofesi nthawi imeneyo, mpingo usanalembetsedwe ku boma. Ogula akuti abwera ndi theka la ndalama Loweruka. Tilandire?

Abusa, Sadzi: Alembi, musalandire ngakhale tambala. Pamaso pa boma malowo ndi a malemu, ndipo tsopano ali m'gulu la chuma chamasiye. Mukasayina inu, mwagulitsa mbuzi ya eni ake.

Msungichuma, Thondwe: Ife kuno tinangopita kwa amfumu ndi mboni zinayi, kalata n'kudindidwa, zinatha tsiku lomwelo. Bwanji osatero?

Mkulu wa mpingo, Matawale: Bambo a ku Thondwe, kwanuko ndi malo a mafumu, nkhani yake ndi ina. Awa ali ndi lizi, ndipo lizi sisintha dzina ndi chidindo cha amfumu. Ndinayendapo njira imeneyi pa nyumba ya abusa athu, ndiye ndinene momwe ndinaionera. Pali masitepe awiri, musawaphatikize. Loyamba, malo achoke kwa malemu abwere kwa matrasiti a mpingo wanu, anthu osunga katundu m'dzina la mpingo, aja analembetsedwa pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act. Izi zimafuna munthu wa kubanja amene khoti lampatsa kalata yoyendetsera chuma chamasiye, malinga ndi lamulo la chuma chamasiye la 2011. Lachiwiri, matrasitiwo ndiwo agulitse, osati abusa kapena komiti ya pamalo. Pamenepo mudzafuna chilolezo cha unduna wa za malo, umboni woti lendi ya malo ilibe ngongole, kalata ya khonsolo ya mzinda wa Zomba, ndi chiphaso cha msonkho cha MRA. Funsaninso ogulawo ngati nawo ali ndi matrasiti. Akalemba dzina la abusa awo, mwawapatsira matenda omwe mukudwala inuwa.

Mlembi wa mpingo, Chinamwali: Zikomo akulu. Chomwe chikundisowetsa tulo ndi ana a malemu. Awiri sapempheranso nafe. Akangomva kuti pali ndalama, sadzati malowo ndi a bambo awo?

Amayi busa, Mpondabwino: Akhoza kutero mukawafikira ndi loya patsogolo. Mayi amasiye alipo?

Mlembi wa mpingo, Chinamwali: Alipo, ndi a chigwirizano cha amayi mpaka lero.

Amayi busa, Mpondabwino: Ndiye yambirani pamenepo. Mupite abusa, mkulu mmodzi wachikulire amene ankadziwana ndi malemu, ndi amayi awiri. Muwapemphe aitane mwinimbumba wa kwawo ndi wa kuchimuna, ana onse akhalepo, kuti wina asadzati zinapangidwa mseri. Musayambe ndi za kugulitsa. Yambani ndi kuthokoza kuti bambo awo anabwereka dzina lawo kwa Mulungu pomwe mpingo unalibe dzina. Mayiwo anasenza nawo madzi ndi mchenga pomanga, akudziwa njerwa zija anaumba ndani. Mawu awo pamaso pa ana awo adzalemera kuposa pepala lililonse. Koma za kugulitsazo muwauze tsiku lomwelo, asakazimvere kumsika.

Ndionjezepo china, chifukwa chimandiwawa. Kodi akhristu anu mwawafunsa onse? Pali agogo amene anabatizidwa, kukwatitsa ana ndi kutsanzikira amuna awo m'nyumba imeneyo. Itanani msonkhano wa mpingo wonse, alankhule, avote, zilembedwe.

Abusa, Sadzi: Zoonadi amayi. Alembi, fufuzaninso mabuku akale a zokambirana ndi a zopereka. Ngati penapake panalembedwa kuti ndalama zolipirira malo zinachokera m'thumba la mpingo, tsamba limenelo lijambuleni, ndiye mboni yanu zinthu zikavuta.

Msungichuma, Thondwe: Ndamva, ndabweza mawu anga. Koma pa ndalama ndilankhulepo. Mwati theka Loweruka, nanga theka linalo liti? Kumbukirani November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa malata ndi simenti unasintha sabata yomweyo. Ngati alipira pang'onopang'ono, lembani masiku enieni, miyezi isapitirire itatu, ndipo makiyi aperekedwe ndalama zikatha. Mtengowo unachokera kwa wodziwa kuwerengera nyumba, kapena munangogwirizana pansi pa mtengo wa mango? Likulu lanu lidzafunsa.

Mkulu wa mpingo, Matawale: Ngati ogula akuopa kuti wina awalanda mwayi, ndalamazo akasungitse kwa loya ndi mgwirizano woti zidzatuluka dzina likasintha. Mulembenso zomwe zikutsala ndi zomwe mukunyamula: belu, guwa, mabenchi, mwala wa maziko. Mamita a ESCOM ndi a Southern Region Water Board asinthidwe maina.

Mlembi wa mpingo, Chinamwali: Mabuku ndawapeza, muli tsamba lomwe malemu anasayina kuti alandira ndalama za mpingo zokalipira malo. Mtengo tinangogwirizana tokha, ndiye tiitana wowerengera. Ndawaimbira ogula, avomera kudikira, angopempha kuti azipempheramo Lamlungu masana pa lendi yochepa. Abusa athu apita kwa mayi amasiye Lachinayi. Za denga tichita pepa Sande mwezi uno. Akulu a ku Matawale, nditumizireni kumbali nambala ya loya munagwira naye ntchito uja.

Mkulu wa mpingo, Matawale: Ndatumiza. Popita mutenge lizi yeniyeniyo, chiphaso cha imfa ya malemu, ndi satifiketi ya matrasiti anu.