Silabu ikudontha ku Chalala, ndiikepo chani mvula isanayambe?

Mwana wa ku Katete:
Muli bwanji abale anga, ndigawireniko nzeru. Kanyumba kanga kali ku Chalala, mbali yayikulu ndi ya malata koma pa khitchini ndi chipinda chimodzi tinathira silabu ya konkire poti timati ndalama ikapezeka tidzamanga pamwamba, ndalamayo mpaka lero sinafike kkkk. Silabuyo ndi mamita 6 uku 8, kuzungulira kuli kakhoma ka mabuloko awiri ndipo pakona pali thanki ya madzi. Chaka choyamba kunalibe vuto. Koma mvula yathayi eee, penti ya m'khitchini yatukusira yonse, pakona pada bii ndi nkhungu, tsiku lina madzi amachita kutsika ndi waya wa babu mpaka madam anakana kuyatsa magetsi, tinaphika ndi tochi ya foni. Manje ndafunsa amisiri atatu aliyense akunena zake. Woyamba akuti torch-on ija amawotcha ndi gasi, wachiwiri akuti penti ya waterproof yoika ndi kansalu ndiyotchipa ndipo imagwira chimodzimodzi, wachitatu akuti zonsezo nkutaya ndalama angothira pulasitala wina wosakaniza ndi mankhwala basi. September uyu akutha, November ali pakhomo. Amene munapangapo, ndisankhe iti?

Mudala wa Simenti:
Achimwene, musanakambe za mtengo ndi munthu aliyense, mawa m'mawa kwerani pamwambapo ndi ndowa zitatu zinayi za madzi, thirani pakati muime muone komwe madziwo apite. Akathamangira ku paipi ndiye kuti nkhani yanu ndi yaing'ono. Akangoima ndii ngati chithaphwi cha ku Kanyama, vuto lanu si kusowa membrane (chofunda chotchinga madzi pamwamba pa silabu) ayi, silabu yanu ilibe kutsetsereka, ndipo chilichonse mungaike pamwamba pa chithaphwi chidzatopa msanga. Denga timalitchula kuti flat koma siliyenera kukhala flat zenizeni, pamafunika litsike sentimita imodzi pa masentimita 80 alionse, kuchepetsetsa kumeneko. Pa mamita 8 anuwo ndiye kuti mbali imodzi ikwere ndi masentimita 10 kuposa komwe kuli paipi. Ambiri omanga kuno akamathira silabu amangoyeza kuti ikhale levulo poti akuganiza za chipinda cha pamwamba, za madzi saganizako, ndiye pamafunika kuthira screed ya simenti ndi mchenga yolondolera madzi ku paipi.

Werengani nokha. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Inu muli ndi masikweya 48, ikagwa ija ya January ya milimita 30 madzulo amodzi ndi malita 1,440 ali pamutu panu, onsewo akufuna potulukira. Ngati pali kapaipi kamodzi kakang'ono kodzaza masamba a mango mukuyembekezera chani?

Tsopano pa atatu anuwo. Wa pulasitala uja musiyeni kaye. Mankhwala osakaniza mu simenti amathandiza m'bafa kapena mu thanki ya pansi, koma silabu ya padzuwa imayenda, masana a October imafufuma usiku nkubwerera, kamng'alu kakangotseguka pansi pulasitalayo naye amang'ambika pomwepo poti ndi wouma gwa, satamuka. Ine pa silabu ya konkire ndimasankha torch-on ya 4mm, osati ya 3mm. Ndi phula lokhala ndi nsalu ya polyester mkati, limabwera m'mipukutu ya mita imodzi m'lifupi, mamita 10 m'litali. Musawerenge kuti mpukutu umodzi uphimba masikweya 10, chifukwa polumikiza amasanjikiza masentimita 10 m'mbali ndi 15 kumapeto, komanso iyenera kukwera pakhoma. Kwa inu ndikuona mipukutu 7. Wina akakuuzani kuti 5 ikwana dziwani kuti akufuna kuba pa majoini kapena saikweza pakhoma, ndipo madzi amalowera pomwepo, pakati pa mpukutu sipadontha kawirikawiri.

Mmisiriyo mumufunse izi mumve mmene ayankhire. Pakona pomwe silabu ikumana ndi khoma aikapo kasimenti kopendeka kuti phula lisapindike ngati buku? Apaka primer, mankhwala akuda aja oyamba kupaka phula lisanaikidwe, nkudikira aume? Pakhoma akweza masentimita angati, asachepere 15, ndipo pa kakhoma kanu ka mabuloko awiri bola angokwera mpaka pamwamba nkupindira kunja. Akamaliza apaka penti ya siliva? Phula ndi dzuwa sizigwirizana, losapakidwa limauma nkuyamba timing'alu ngati chikopa cha ng'ona. Silivayo mudzapakanso pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Ilipo ina yobwera ndi timiyala pamwamba, imeneyo sifuna penti koma ndiyokwererako mtengo.

Amake Mapasa:
Ine ya penti ndi kansalu ija inandiliza abale. Kwathu ku Kabwata tinaika pa kasilabu ka pa veranda, mnyamata anabwera ndi zidebe ziwiri anapaka tsiku limodzi nkulandira ndalama yake, zimaoneka bwino zedi zofiira ngati matailosi. Kufika February pomwe pamaima madzi panafewa nkutukuka, ndinachita kusenda ndi chala ngati khungu la mbatata yophika. Pambuyo pake ndi pomwe ndinawerenga pachidebe, analemba okha kuti isaikidwe pomwe madzi amaima, ndiponso imafuna makoti angapo lililonse liume kaye. Ndiye kaya wolakwa ndi penti kaya ndi mnyamata uja kaya ndine wosawerenga. Pa malata pomwe timamata misomali ndi m'mphepete mwa khoma yomweyo ikugwira mpaka pano, sindinganame.

Chipata Boy:
Kkkk mavuto ogula ndi ndalama. A Katete ingokhomani matabwa muike malata pamwamba pa silabuyo nkhani ithe. Upstairs yo mukumanga liti? Tonse tinanenapo zimenezo.

Injiniya wa Mawa:
Chipata Boy mukuseka koma mfundo yanu si yopusa, kungoti pali thanki, ndiye malata avuta pokhapokha thankiyo isamuke ipite pa stand yake pansi.

Ine ndisiyaneko pang'ono ndi a Mudala wa Simenti. Zonse anena za kutsetsereka ndi zoona ndipo palibe chochotsa, koma si zamadzimadzi zonse zili ngati zinawachitikira amake Mapasa. Ija ndi acrylic, ya madzi, ikakhala m'madzi nthawi yaitali imafewa. Palinso polyurethane, nayo yopaka ndi rola koma ikauma imakhala ngati labala, ilibe joini ngakhale imodzi ndipo imapirira madzi kuposa acrylic. Pomwe imapambana torch-on ndi padenga lodzaza zinthu, miyendo ya thanki, mapaipi, zitsulo za dishi, masola, chifukwa kudula phula kuzungulira mwendo uliwonse nkuwotcha bwinobwino pamafunika munthu wodziwa, pomwe yopaka imangozungulira. Kuipa kwake ndi mtengo, komanso imadana ndi chinyezi, silabu ikakhala yonyowa mkati imachita matuza. Ndipo makulidwe ake ali m'manja mwa wopakayo, akafuna kusunga chidebe chimodzi akagulitse amangopaka mopyapyala inu osadziwa. Torch-on ubwino wake 4mm ndi 4mm, inabwera choncho kuchokera ku fakitale.

Chinanso, kuyambira 2024 pomwe madzi anachepa ku Kariba magetsi nkumathima maola ambirimbiri, aliyense akukweza sola padenga. Ndaona anthu alipira waterproofing yabwino, mwezi wotsatira anyamata a sola abwera ndi drill kuboola mabowo khumi ndi awiri pa membrane yatsopano. Ngati muli ndi maganizo a sola, zitsulo zake zimangidwe kaye kapena muumbe timabuloko ta konkire tokhazikapo, membrane ibwere pomaliza. Ndipo tsiku lowotcha mapaipi a pulasitiki a thanki achotsedwe, lawi lija silisewera, pakhale ndi ndowa ya madzi pafupi.

Mwana wa ku Katete:
Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri kuposa zomwe amisiri atatu aja anandiuza. A Mudala ndakwera lero m'mawa ndi ndowa monga munanenera. Manyazi ndithu. Madzi onse athamangira pakona ya thanki, pomwe pali nkhungu m'khitchini pomwe paja, paipi ili mbali inayo yangokhala youma ikundiyang'ana. Ndapezanso kamng'alu kotsatira khoma, kakang'ono koti chikhadabo chimalowa, ndipo pansi pa thanki pamera ndere zobiriwira kusonyeza kuti valuvu yakhala ikudontha chaka chonse ine osadziwa. Ndiye screed sindingaithawe. Funso langa, tikathira sabata ino, tingawotche torch-on sabata yamawa? Thumba ndilopyapyala, polyurethane ndaifunsa mtengo ndangoseka ndekha.

Mudala wa Simenti:
Sabata yamawa ayi achimwene, mudzalira. Screed yatsopano imakhala ndi madzi ambiri mkati, mukaiphimba ndi phula dzuwa likawomba madziwo amasanduka nthunzi, potulukira palibe, ndiye membrane imatukuka matuza akuluakulu ngati zitumbuwa. Masiku oyamba muziithirira kuti ilimbe isang'ambike, kenako muisiye iume, milungu itatu kapena inayi, bola kutentha kwa October kuli mbali yanu. Kuti mutsimikize, dulani pulasitiki ngati theka la mita, mumate ndi tepi mbali zonse pa screed madzulo, mawa lake mukatsegula mukapeza pansi pake pali mame kapena simenti yada, sinaume, dikirani.

Poti madzi akonda kale kona ya thanki, mwina nkotchipa kuboola khoma pomwepo muike paipi ina ya 110mm kusiyana nkukakamiza madzi onse awoloke mamita 8, screed idzachepa ndipo silabu sidzalemedwa. Mapaipi awiri ndi abwinonso, ina ikatsekeka ina igwira ntchito. Kamng'alu kaja akakulitse pang'ono ndi grinder atsekemo sealant yotamuka, osati simenti. Thanki itsike kaye, ikadzabwerera ikhale pa kabedi kake ka konkire, zitsulo zisagunde phula.

Ndalama musapereke yonse. Akamaliza tsekani mapaipi, dzazani madzi masentimita 5, musiye masiku awiri mukuyang'ana kudenga kwa khitchini, kukakhala kouma ndiye mumalize kulipira. Mmisiri wokana zimenezi mutsanzikeni pageti pomwepo.

Amake Mapasa:
Za pulasitiki ndi tepi ndazilemba. A Katete mukampeza wa torch-on wabwino mundiuzeko ku inbox, veranda yanga ija ikadali ndi beseni pansi.