Chaka chachitatu tsopano ndikukanika pa Numeri, ndithandizeni

Wofunsa (admin, bisani dzina): Abale, ndine mayi wa Mvano, mphunzitsi wa pulayimale. Pa 1 January tinayamba ndi anzanga pa WhatsApp kuwerenga Baibulo lonse pa chaka. Machaputala alipo 1,189, ndiye patsiku atatu kapena anayi. Ndimadzuka 4 koloko, ndi hardcover yanga yolembamo. Vuto langa ndi ili: maganizo akangochoka pang'ono, mwina ndakumbukira kuti makala atha, ndimabwereza chaputala chonse, poti ndimaona ngati ndanamiza Mulungu. Mwana atadwala mu February ndinadumpha masiku asanu ndi anayi. Anzanga ali ku 1 Samueli, ine ndili pa Numeri 7, ya mavesi 89 ija, zopereka zomwezomwezo kalonga ndi kalonga. Ndatsalira machaputala oposa 100. Pano ndikangoona Baibulo pa tebulo mtima umagunda ngati ndaona wondikongoza. M'kalasi ndimaodzera. Ndiyambirenso ku Genesis, ndithamange, kapena ndingosiya?

Mkulu wa mpingo, Zomba: Mayi, ku Genesis musabwererenso. Mwamuwerenga katatu, Nowa watopa nanu. Pitirizani pamene mulipo. Tsegulaninso Eksodo 16, poti mwadutsapo kale: mana ankatola a tsiku limodzi, amene anasunga a mawa anapeza mphutsi. Masiku amene munali ndi mwana kuchipatala si ngongole. Chaputala chimodzi patsiku, Baibulo lonse limatha m'zaka zitatu ndi miyezi itatu. Mwataya kale zitatu poyambiranso.

Mlongo wina: Ine ndisabise, nthawi zina timatcha ulesi kutopa. Nthawi ya TikTok timaipeza bwanji?

Wofunsa: Asisi, foni yanga ndi ya mabatani, WhatsApp ndimabwereka ya bambo akunyumba. Komabe ndamva.

Bambo wa ku Mangochi: Ndine Msilamu, koma ndiloleni. Ku madrasa mwana woloweza Qur'an sapatsidwa zatsopano ngati zadzulo sizinakhazikike, ndipo nthawi yambiri imathera pa kubwereza zakale. Qur'an ili ndi ma juzu (zigawo) 30, ena amatha zaka ziwiri, ena zisanu. Mtima wanu wofuna kumvetsa ndi wabwino. Chokupwetekani n'chakuti mukufuna kumvetsa kwa zaka zisanu pa liwiro la chaka chimodzi. Sankhanipo chimodzi.

Mayi wa ku Area 25: Mukuwerenga Baibulo liti? Ngati ndi Buku Lopatulika, Chichewa chake n'cha 1922, mpake maganizo kuthawira ku makala. Ine Levitiko ndi Numeri ndinaoloka ndi Buku Loyera, lija la 1998, kenaka Masalimo ndinabwerera ku Lopatulika chifukwa ndi limene ndinakula nalo. Hardcover ija lembanimo vesi imodzi basi. Ndipo 4 koloko mwaitenga kuti? Eliya atatheratu mphamvu pa 1 Mafumu 19, mngelo anam'patsa chakudya ndi madzi, n'kumusiya agonenso.

Wofunsa: Zikomo nonse. Bambo a ku Mangochi, mwandigwira penipeni. Ndiyamba chimodzi patsiku, madzulo ana akagona. Chatsala n'cha pa WhatsApp paja: aliyense akamaliza amaponya chizindikiro, ndipo amene anayambitsa ndi apongozi anga. Ndituluka bwanji osamveka ngati ndabwerera m'mbuyo?

Mayi wa ku Area 25: Musatuluke. Auzeni maso ndi maso Lamulungu mukaweruka, osati pa foni. Mwinanso iwowo ali pa Numeri.