Masamba a nkhaka zanga ayera ngati athiridwa ufa, ndipange bwanji?

Wofunsa: Alimi anzanga ndithandizeni mutu waima. Ndili ndi kadimba ku Namitete, ndinadzala nkhaka mizere 6 mu Ogasiti ndipo zinamera bwino zedi mpaka zayamba kubereka, koma sabata yathayi ndaona masamba akunsi ali ndi timadontho toyera ngati wina wawazapo ufa. Poyamba ndimayesa fumbi poti dimbalo lili mphepete mwa msewu, ndinapukuta ndi chala zinachoka koma patangotha masiku atatu zabweranso, pano zafika mpaka m'tsinde ndipo masamba ena achita chikasu nkuuma ngati awauka ndi moto. Ndapopera Dithane kawiri palibe chasintha, ndalama zangolowa m'madzi. Apongozi akuti ndiwaze phulusa. Nanga nkhaka zimene zabereka kalezi tingadye kapena kugulitsa?

Mlimi wa ku Ntcheu: Kagwedezeni kaye tsamba limodzi. Mukaona tizinthu toyera tikuuluka ndiye kuti ndi tintchentche toyera tija timakhala kunsi kwa masamba. Zikangokhala phee ngati ufa, amenewo ndi matenda, alangizi amati powdery mildew.

Wofunsa: Ndagwedeza achimwene, palibe chauluka.

Mlimi wa ku Ntcheu: Basi ndi yomweyo. Imabwera ndi mphepo, imakonda nyengo ngati ino masana kotentha kouma usiku kachinyezi, ndipo imayambira masamba akale a pamthunzi. Dithane musamunamizire, iye amathandiza pa matenda ena aja a madontho achikasu pamwamba, kunsi kwa tsamba kotuwa, amene amabuka kukanyowa. Pa zaufazi ndi wofooka. Chotsani masamba onse amene ayera kwambiri, muwaike m'thumba pomwepo osamayenda nawo mukukutumula m'mizere, mukakwirire kutali, pa manyowa ayi. Mukatero mukagule salufa wosungunula m'madzi ku shopu ya zaulimi, muyezo tsatirani wa papaketi, mupopere pamwamba ndi kunsi komwe. Koma chonde m'mamawa kapena dzuwa litapepa, salufa pa dzuwa la masana amawaula nkhaka, ine zinandionekera mzere wonse.

Mayi wina: Ine kwathu ndimagwiritsa mkaka, kapu 1 ya mkaka makapu 9 a madzi, kupopera kamodzi pa sabata m'mawa. Ena amathira soda wophikira therere uja, supuni yaying'ono 1 mu lita 1 ya madzi ndi kasopo pang'ono, mukachulutsa masamba amapsa. Koma ndisakunamizeni mayi, izi zimagwira matenda akangoyamba kumene, tsamba loti layera lonse silibwereranso.

Wina: Mkaka wa ana kumwetsa nkhaka kkkkk dziko lapita

Mayi wina: Kapu imodzi yokha bambo, yerekezani ndi mtengo wa mankhwala muone.

Wina wa ku Dedza: Funso langa ndi loti munadzala motalikana bwanji? Nkhaka zikathithikana nkumayanga pansi mphepo siidutsa. Zikani timitengo muzimangirire zikwere. Komanso ngati mukuthira yuliya wambiri chepetsani, masamba anthete onenepa aja ndi amene matendawa amawakonda. Phulusa la apongozi alemekezeni koma musadalire, mungosokonezeka osadziwa kuti choyera ndi phulusa kapena matenda.

Zodya idyani, kutsuka basi, ufawo umagwira masamba ndi tsinde. Chofunika kuwerenga ndi masiku odikira mukapopera, alembedwa papaketi ya Dithane yo. Vuto ndi loti masamba akatha nkhaka zimatuluka zing'onozing'ono, zina kupsa ndi dzuwa.

Wofunsa: Zikomo nonse, yuliya ndiye ndinathiradi mosaumira ndipo zikuyanga pansi. Mawa ndilawirira kuchotsa masamba. Koma pali china, dimba la aneba logundizana ndi langa muli maungu ayera mbee kuposa nkhaka zanga, zimapatsirana?

Mlimi wa ku Ntcheu: Kwambiri, maungu nkhaka mavwende ndi banja limodzi. Kalankhuleni nawo bwinobwino mupopere tsiku limodzi, apo ayi muzingopopera sabata ndi sabata mphepo ikukubweretserani zina.

Wofunsa: Aneba akewo ndi apongozi omwewo a phulusa aja 😭