Ulendo wa chiliza cha agogo ku Makhanga

Bambo aakulu, Mbare: Moni nonse. Chiliza cha amayi ku Makhanga, m'boma la Nsanje, tinapangana kukamanga mu Disembala, ana akatsekera sukulu. Basi yochokera kuno ku Harare ndi ya pa Nyamapanda, Tete, Mwanza mpaka Blantyre. Amene mukupita lembani mayina lero.

Azakhali, Mabvuku: Achimwene, Disembala ine ayi. Mvula idzakhala itayamba, Shire ndi Ruo zitadzaza. Ndiye tikawoloke Shire pa Mtayamoyo pa bwato, ana ali kumsana, matumba a simenti ali momwemo?

Bambo aakulu: Achemwali, anthu amawoloka tsiku ndi tsiku pamenepo.

Azakhali: Amawoloka, koma si onse amafika tsidya. Mwaiwala za mu Meyi 2023 ku Nsanje, mvuu itagubuduza bwato pa Shire pomwepa? Munali anthu 37, ambiri akupita kuminda. Khanda linafa, ena oposa 20 anasowa. Mwezi wa Epulo chaka chomwecho bwato lina linamira pa Rusa ku Mchinji, ndipo anthuwo ankapita kumaliro. Ife tikafere ulendo wa kumanda?

Chisomo: Bambo aakulu, ndiloleni ndilankhuleko ngati namwino. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO akuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali mwana wosafika zaka 5. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana akamamira sakuwa, saphiriphithanso. Amangolowa pansi phee, wamkulu ali pompo akuchapa.

Mphatso, Epworth: Anathu obadwira ku Harare kuno sadziwa n'komwe kusambira. Wanga ndimachita kumulondera kuti asapite kudziwe la pamgodi wakale wa miyala kuno ku Epworth, lomwe lameza anthu ambirimbiri. Ku Shire kuli ng'ona, ndiye ndingagone tulo?

Alamu, Highfield: Bwanji osadzera ku Thabwa, msewu wa East Bank, osakhudza bwato?

Azakhali: Msewu umenewo alamu uli ndi timitsinje tambiri tochokera kumapiri a Thyolo. Mvula ikagwa kumtunda madzi amabwera mwadzidzidzi ngakhale kumusi kuli dzuwa. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, ku Makhanga anthu ankafikako pa boti kapena pa ndege basi.

Bambo aakulu: Nanga mukuti liti?

Chisomo: Ogasiti. Sukulu zimakhala zotseka, madzi ataphwera, msewu wa Thabwa ukuyendeka. Komabe tisonkhe tigule majekete oyandamitsa munthu pamadzi, a ana ndi a akulu. Tikamabwerako tidzawasiyire abale kumudzi, poti iwo amawoloka chaka chonse kupita ku Bangula.

Mphatso: Ndaikapo madola 20.

Alamu: Inenso 20. Ndikafunsa mitengo m'tauni Loweruka.

Chisomo: Chinanso, mwana aliyense akhale ndi wamkulu wake womuyang'anira, wotchulidwa dzina tisananyamuke. Tikangoti "tonse tiziona", palibe amene amaona. Ndipo wina akagwera m'madzi musalumphiremo, womira amakukokera pansi. Muponyereni chingwe, nsungwi kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Akavuulidwa musamuzondotse kapena kumupsinja pamimba kuti asanze madzi, mukungotaya nthawi. Ngati sakupuma, muuzireni mpweya m'kamwa ndi kumukankha pachifuwa, kenako kuchipatala ngakhale atatsitsimuka. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndidzakuonetsani kachitidwe kake.

Azakhali: Ndipo amene walawa mowa asayandikire mtsinje. Ndanena poyera kuti wina asadzati sanamve.

Bambo aakulu: Ndamva. Mtima wanga unali pa Disembala chifukwa ndi mwezi umene amayi anatisiya, koma sindingaike zidzukulu zawo pachiswe. Ndiwaimbira a kumudzi madzulo ano kuti auze amfumu ndi womanga za Ogasiti. Chisomo, lemba mayina a ana ndi misinkhu yawo, alamu adziwe kukula kwa majekete.

Chisomo: Chabwino bambo. Mphatso, yamba ndi ako.