Kodi mawu akuti "decent" amatanthauza chiyani kwenikweni?

Akuluakulu, ndithandizeni. Pamakadi a ukwati ndi pazitseko za matchalitchi ena amalemba kuti "decent dressing", ndipo tonse timangomva kuti nkhani yake ndi siketi yaitali ndi kubisa mapewa. Koma eni Chingerezi amanenanso "decent salary" ndi "decent meal", ndipo bungwe loona za ntchito la ILO lakhala likulimbikitsa "decent work" kuyambira 1999. Apa palibe za zovala. Tanthauzo lake lenileni ndi liti, nanga bwanji kuno mawuwa anangokakamira pa thupi la mzimayi?

NaPhiri:
Gwero lake ndi Chilatini, "decere", kutanthauza kuyenera. Chinthu choyenera pamaso pa anthu, chosachititsa manyazi. Malipiro otere ndi okwana kudyetsa banja ndi kulipira lendi, ngakhale asakhale ochuluka. Akanena munthu, ndiye kuti ndi wachilungamo, wosapondereza anzake. Za zovala zilipo ndithu: ku England munthu akagogoda pachitseko cha kuchipinda n'kufunsa kuti "Are you decent?", akufuna kudziwa ngati mwavala kuti alowe. Koma imeneyo ndi nthambi imodzi chabe.

Agogo a ku Zomba:
Mwanawe, ife mawuwa tinawamvera m'lamulo, osati m'kalasi. Mu 1973, nthawi ya Kamuzu, kunabwera Decency in Dress Act. Mzimayi sankaloledwa kuvala buluku pagulu, ndipo siketi inkayenera kuphimba mawondo. Amuna nawo tsitsi lalitali linali mlandu, moti alendo ena ankawameta pofika m'dziko muno. Lamulolo linachotsedwa pomwe tinkalowa m'ndale za zipani zambiri, koma mawu aja anatsalira m'mitu mwa anthu. Kumbukirani mu Januwale 2012, mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre atavula amayi pamsewu chifukwa cha mabuluku ndi masiketi aafupi. Amayi anasonkhana ku Blantyre, ambiri atavala mabuluku dala, ndipo a Joyce Banda, omwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, anali nawo limodzi. Kwa ine, amene anataya ulemu tsiku limenelo ndi wovulayo, osati wovulidwa.

Zikomo kwambiri NaPhiri, zikomo agogo. Chatsala chimodzi: tikati "kudzilemekeza" zimakwana pa munthu ndi kavalidwe kake, koma pa malipiro ndi pa nyumba sizimveka. Aphunzitsi a Chichewa, inu mumati bwanji pamenepa?