Mpikisano wa pool wa ndalama, tigawe bwanji?

Achimwene_wa_Ndirande: Akuluakulu, tikukonza mpikisano koma tebulo ndi limodzi. Tilembe anthu angati, ndipo mphoto tigawe motani?

Kadzidzi: Lembani 16, wogonja azituluka. Akhala masewero 15, okwana tsiku limodzi. Aliyense apereke K5,000, zikwana K80,000. Patulani K10,000 ya matokeni ndi choko. Woyamba K40,000, wachiwiri K20,000, ogonja mu semi K5,000 aliyense. Ndalama zonse zilowe musanachite maere, wangongole akagonja salipira.

Mai_Tebulo: Mkangano umabuka pa faulo. Gwirizanani msanga ngati wina akachita faulo mnzake azipatsidwa mashoti awiri kapena mpira m'manja (kuika mpira woyera pomwe akufuna), komanso chochita mpira wakuda ukalowa nthawi isanakwane. Zilembeni pakhoma. Woweruza asasewere nawo, chonde.

Kadzidzi: Gubuduzaninso mpira pang'onopang'ono. Ukakhota, tebulo lapendekeka, ikani katoni pansi pa mwendo.